Tsiku Limene Malume Anafika Kawiri

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene malume anga, a Fanuwelo, anabwerera ku Malawi. Chinali chaka chotsatira chisankho cha zipani zambiri, nthawi imene anthu amene anathawa m'dziko muno ankatulukira mmodzimmodzi. Ife tinkakhala ku Senga Bay, kuseri kwa hotela ina kumene bambo anga ankagwira ntchito yophika. Dzina la malume ndinali ndisanalimvepo m'nyumba mwathu. Ndinkangodziwa kuti amayi ali ndi mkulu wawo mmodzi kumudzi, a Nabanda, amene ine ndinkawatcha mayi aakulu. Ndiye tsiku lina masana galimoto yoyera ya nambala za ku Zambia inaima pakhomo pathu, matayala n'kutitimira mumchenga. Munatuluka bambo wamtali wa imvi za m'mbali, ndipo amayi atangomuona anagwetsa beseni la zochapa.

Nkhani yake ndinaitolera pang'onopang'ono, ndikunamizira kusesa pafupi ndi pamene akuluakulu ankacheza. Malume anathawa ali mnyamata wa pasukulu ya zauphunzitsi, atalankhula mawu ena pamalo posayenera. Iwo anawoloka malire n'kupulumuka, koma moto unatsalira a kumudzi. Anthu a boma ankabwerabwera pagalimoto kudzafunsa agogo anga aakazi kumene mwana wawo anali. Amuna a mayi aakulu anatengedwa, ndipo pobwerako anali munthu wina, manja akunjenjemera, osathanso kugwira khasu. Agogo anamwalira ine ndili kumsana, malume osadziwa kanthu, chifukwa masiku amenewo kulembera kalata munthu wothawa kunali kudziputira tsoka.

Tsono malume ankayenera kupita kumudzi, kumapiri a cha ku Mvera, kukalira maliro a mayi awo. Kwathu munthu amene maliro anamupita ali kutali sangofika n'kupereka moni ngati wodutsa. Amayamba kulira akadali panjira, abale n'kumuchingamira ndi kulira komweko. Akatero adzukulu, anthu okumba ndi kusamala manda aja, amamutsogolera kukamuonetsa pamene anagoneka m'bale wakeyo. Pamenepo ndiye kuti walowanso m'mudzi. Koma ngati mwini mbumba sanatuluke kudzamuyankha, munthuyo amalira yekha pabwalo, ndipo aliyense amadziwa kuti wakanidwa. Mwini mbumba anali mayi aakulu, ndipo palibe ankadziwa chimene chinali mumtima mwawo.

"Achemwali mukuwadziwa," ndinamva amayi akuuza malume. "Akati ayi, ndiye ayi. Ndisiyeni nditsogole ndikawanyengerere, inu mubwere Loweruka m'mawa. Koma chonde, mukafike bwino."

Amayi anakweradi basi n'kutsogola. Vuto linatsala la njira. Msewu wa ku Lilongwe unali utakonzedwanso malume ali kunja, ndipo malo ena unasiya njira yakale, moti iwo sankadziwa pokhotera. Bambo sakanatha kuchoka kukhitchini Loweruka, tsiku la alendo ambiri. Apa ndi pamene ndinatsegula pakamwa panga. Ndinali mwana wamatama, wa mtundu uja woti mphunzitsi asanamalize funso, mkono uli kale m'mwamba. Kumudziko ndinali nditapitako kawiri, ulendo umodzi ndikugona pamiyendo pa amayi njira yonse, koma ndinalumbira kuti pokhotera ndikupadziwa ngati pakhomo pathu. Ndinati pali golosale ya chitseko chobiriwira ndi mtengo wa mkuyu. Bambo anandiyang'ana mokayika, koma malume anaseka n'kunena kuti apeza kondakitala.

Kunena zoona, za maliro sizinkandikhudza kwenikweni. Agogo sindinkawadziwa. Chimene chinkandisowetsa tulo chinali galimoto ija, ndi msuweni wanga Chanda, mwana wa malume wobadwira ku Lusaka. Anali mtsikana wamkulu, womaliza sukulu, ndipo ankavala thalauzi. Nthawi imeneyo akazi anali atangololedwa kumene kuvala mathalauzi, moti akamadutsa pamathandala oyanikira usipa amayi ankasiya ntchito n'kumuperekeza ndi maso. M'khosi mwake munkalendewera kamera yakuda. Makamera ndinkawaona tsiku ndi tsiku m'manja mwa azungu a kuhotela, koma iyi inali ya m'banja mwathu, ndipo ine ndinali ndisanajambulidwepo chibadwire.

Tinanyamuka m'mamawa, m'mwezi wa Meyi, mvula itatha ndipo kumwamba kuli mbee. Paboma pa Salima malume anagula shuga, mchere, sopo ndi nsalu ya mayi aakulu. Nsaluyo anaisankha nthawi yaitali, akutenga iyi n'kuibweza, kutenga ina n'kuibwezanso, mpaka mwenye wa sitoloyo anayamba kuyasamula. Titawoloka njanji tinadutsa m'chigwa cha minda ya thonje ndi milambe, ine ndili kumbuyo mutu uli pawindo, ndikubayibitsa aliyense woyenda pansi kuti andione bwino.

Msewu utayamba kukwera, malume anayamba kuima. Poyamba anaima pakona pena n'kutiuza kuti ticheuke. Kumunsi kwenikweni, kuseri kwa chigwa chonse tinadutsa chija, kunali kamzere kowala kopingasa dziko. Ndinafunsa kuti n'chiyani, iwo n'kuseka, amvekere ndi nyanja yomwe ndimachapamo mbale. Ndinali ndisanaionepo ndili pamwamba, ndipo ndinadabwa kuti chinthu chachikulu chotero chingachepe chonchi. Chanda anajambula nyanjayo, kenako anajambula ine nditaima njo ngati msilikali, manja m'mbali, mano onse pamtunda.

Titayenda pang'ono anaimanso pakamlatho. Anati kale ukapezeka ukujambula mlatho unkakagona kupolisi, ndiye lero aujambula mpaka akhute. Tinaimanso pamene amayi ena ankagulitsa magwafa, malume n'kuyamba kuwafunsa za mvula ya chaka chimenecho ndi mtengo wa feteleza ngati ali ndi munda. Paliponse tikaima ankachedwa. Ankapukuta magalasi awo a m'maso, kuzungulira galimoto akumenya matayala ndi nsapato, kenako n'kuima akuyang'ana mapiri. Ine ndinkayesa kuti anthu ophunzira amayenda choncho.

Posakhalitsa ntchito yopeza malo ojambulira ndinailanda ine. Ndikaona thanthwe lalikulu, kapena maluwa achikasu a deliya atadzaza m'mbali mwa msewu, ndinkafuula kuti, "Malume, apo!" Ndipo iwo sankakana ngakhale kamodzi. Ankaponda buleki nthawi yomweyo, akunena kuti akondakitala ali ndi diso. Mawu amenewo ankandikoma ngati uchi, moti ndinayamba kuona kukongola ngakhale pachulu. Chanda ndi amene anayamba kutopa.

"Adadi, tizafika liti kansi?" anafunsa m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Anti anakamba kuti m'mawa, manje zuba ili pamutu."

"Tifika," anatero malume, osamuyang'ana. "Dziko ili ndinalisiya kalekale. Ndisiyeni ndilione."

Koma dzikolo silinkawazindikira, nawonso sankalizindikira. Ankaloza phiri n'kunena kuti apo panali nkhalango yoti masana umalowamo ndi mantha, koma ife tinkangoona minda ya chimanga chouma yokwera mpaka pansonga, ndi zitsa.

Dzuwa litapendeka ndinaona golosale ndi mtengo pambali pake. Chitseko chake sichinali chobiriwira kwenikweni, ndipo mtengowo unali wa mango. Mumtima ndinakayika. Koma munthu amene wakhala akutamandidwa tsiku lonse kuti ali ndi diso sanganene kuti sakudziwa, ndiye ndinafuula kuti ndi pomwepo. Pakhonde pa golosaleyo panali abambo akusewera bawo, ndipo funso limodzi likanatikwanira. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tinakhota.

Kanjirako kanali ka ngolo, kokwera mokhotakhota pakati pa minda. Galimoto inalira, inabuula, kenako kutsogolo kunayamba kutuluka nthunzi. Malume anaimika, natsegula boneti ndi kansanza, n'kunena kuti yatentha ndipo ikufuna madzi. Anatenga chigubu n'kutsetsereka kulowera kumene kunkaoneka bango, atatiuza kuti tisapite patali.

Pamwamba pa munda umene tinaimapo panali kankhalango. M'mapiri onse ometedwa aja, pokhapo ndi pamene panatsala mitengo ikuluikulu, yobiriwira, yolukana nthambi kumwamba. Kuseri kwake dziko linkaoneka kuti latsetsereka, ndipo ndinadziwa kuti munthu ataima kumeneko aona chigwa chonse mpaka kunyanja. Pamalo onse amene ndinapeza tsiku limenelo, awa ndiwo anali mapeto. Ndinakoka Chanda dzanja.

Wowerenga wa kumudzi wadziwa kale chimene chinali m'kankhalangomo, ndipo mwina akudabwa kuti mwana wa Mchewa angapuse bwanji chotere. Ndilibe chodzitetezera chokwanira. Ndingoti kwathu kunyanja mitengo inali paliponse, moti mitengo yowirira sinkandiuza kanthu. Komanso ana sitinkaloledwa kumanda. Maliro akamadutsa tinkathamangitsidwira m'nyumba, ndipo mkati mwa manda ndinali ndisanaonemo. Chanda naye manda amene ankawadziwa anali a m'tauni, a mitanda ndi simenti, apoyera.

Mkatimo munali mozizira, monunkhira masamba onyowa. Phokoso la kunja lonse linatsalira kumunda. Pansi panali timilu tatitalitali tokutidwa ndi masamba, tina titaphwa, ndipo ine ndinayesa mizere yakale ya mbatata. Apa ndi apo panali miphika yosweka, mbale zadzimbiri, ndi nkhali ina yong'ambika pakati. Chanda anaima n'kuyang'anayang'ana.

"Iwe, vimbale ivi ni vachani?" anandifunsa.

Ndikanangonena kuti kaya. Koma ndinayankha mosaphethira n'komwe kuti anthu a kuno amabwera kudzadyera muno Lamlungu, monga amachitira azungu kumchenga kwathu, ndipo mbale zikatha ntchito amangozisiya. Chanda anandikhulupirira. Ndinali mwana wa m'dzikolo, iye mlendo.

Chakumapeto kwa mitengo kunalidi poonekera, pokongola kuposa mmene ndinkaganizira. Pomwepo panali kamulu kena kosesedwa bwino, ndipo pamwamba pake panali kapu yachitsulo yoyera ya mkombero wabuluu, yovundikira. Nditainyamula ndinaona kuti pansi pake ndi poboola, ngati anachita kukhomapo msomali, koma sindinaganizepo kanthu. Zimene zinandibwerera ndi madona a kuhotela, mmene ankakhalira pakhonde akumwa tiyi, amuna awo akuwajambula. Ndinakhala pakamulu paja, n'kupingasa miyendo, n'kukweza kapu kukamwa kachala kakang'ono kali m'mwamba. Chanda anafa nacho chiseko. Anajambula, n'kundiuza kuti ndipendeketse mutu, n'kujambulanso. Ine ndinayamba kulankhula Chizungu cha m'mphuno, ndikuitana weta wa kuhotela kuti abweretse shuga, ndipo kuseka kwathu kunamveka nkhalango yonse.

Sindinamve mapazi. Ndinangoona Chanda akutsitsa kamera, nkhope itasintha. Nditacheuka, kumbuyo kwathu kunali bambo wachikulire wa malaya ong'ambika paphewa, chikwanje chodulira chimanga chili m'manja. Pambuyo pake ndinadzamva kuti anali a Jelasi, mkulu wa adzukulu a m'mudzimo. Sanakalipe. Anandiyang'ana ine, anayang'ana kapu, n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mwana iwe, tsika pamenepo. Wakhalira munthu."

Sindinamve msanga tanthauzo lake. Kenako maso anga anayenda pa timilu tonse tija, tondandalikana mbali imodzi, kalikonse ndi mbale yake, ndipo ndinazindikira kuti tili kumanda. Ndinadzuka msanga. A Jelasi anatilozera njira yotulukira ndi chikwanje chija, ndipo titafika kumunda anaika dzanja pakamwa n'kukuwa kuitana anthu.

Anthu sanachedwe, chifukwa mudzi unali kuseri kwa phiri lomwelo. Unali mudzi wathu. Njira yanga yolakwika ija inatizungulitsa n'kutifikitsa kumbuyo kwake, kumanda, pamene abale onse anali atayala mphasa mbali inayo chim'mawire, akuyang'ana njira yeniyeni. Anabwera akuthamanga, abambo patsogolo, amayi pambuyo akumanga nsalu. Anatizungulira. Ndinamva wina akuti ndi a ku Zambia aja. Wina anati taonani, mpaka thalauzi kumanda. Mayi wina anati iwo amayesa akubwera kudzalira, kani akubwera kudzajambula. Pakati pa nkhope zonsezo ndinaona ya amayi anga. Sanandikalipire. Anangokoka nsalu n'kudziphimba kumutu, n'kukhala pansi m'mizere ya chimanga.

Nthawi yonseyi kapu ija inali idakali m'manja mwanga. Ndinatuluka nayo osadziwa, zala zitaikanirira. Anthu anapatuka, ndipo panadutsa mayi wamfupi wowuma thupi, wa mpango wakuda. Anali mayi aakulu. Pambuyo pawo pankabwera amuna awo pang'onopang'ono ndi ndodo. Mayi aakulu anaima patsogolo panga n'kutambasula dzanja, ine n'kuwapatsa. Anaitembenuza, nayang'ana pobowoka paja, napukuta mkombero wake ndi chala chachikulu.

"Kapu ya amayi," anatero.

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvenso moyo wanga wonse. Ndinali nditakhalira agogo anga, ndikuseka, ndikumwera tiyi wabodza m'kapu imene ana awo anaiboola ndi misozi n'kuwasiyira. Ndinkalakalaka wina atandimenya mbama kuti mwina ndilire, anthu aone kuti ndine mwana chabe. Palibe anandikhudza.

Ndi nthawi imeneyo pamene malume anatulukira kuchokera kumtsinje, chigubu chili paphewa, nsapato zili matope okhaokha. Anaona gulu la anthu, anaona mwana wawo ndi kamera m'khosi, anaona mitengo ija. Iwo sanafunikire kuuzidwa. Anatsitsa chigubu, chinagwa cham'mbali, madzi n'kumatayika osachidzutsa. Anayenda pang'ono n'kuima patsogolo pa mlongo wawo amene anasiyana naye onse ali achinyamata.

"Achemwali," anatero.

Aliyense ankadziwa kuti mayi aakulu ali ndi mawu amene anawasunga zaka zonsezo, ndipo tsopano ine ndinali nditawapatsa bwalo ndi mboni. Akanatha kuloza amuna awo onjenjemera aja. Akanatha kukweza kapu ija kuti mudzi wonse uone mmene mwana wothawa wabwerera kwa mayi ake. Palibe akanawadzudzula. Ndinadziwa, ngakhale ndinali mwana, kuti akangoyamba malume abwerera ku Zambia tsiku lomwelo osadzapondanso kuno.

Anawayang'ana malume nthawi yaitali, kuyambira kuimvi mpaka kunsapato. Kenako anatembenuka ngati pamenepo palibe munthu, n'kulankhula ndi a Jelasi mokweza kuti onse amve.

"A Jelasi, ine pano ndaona ana awiri osochera. Muwathandize monga mwa mwambo, mlandu wake ndi wanga. Mlongo wanga sanafike. Tikumudikira kunjira ya kumpoto, kumene amalowera anthu." Atatero anayang'ana gulu lija. "Tiyeni kumudzi, angafike kopanda anthu."

Ena anang'ung'udza. Bambo wina anayamba kunena kuti nkhani ya kumanda sithera m'munda, koma mayi aakulu anali atayamba kale kuyenda, ndipo podutsa anagwira amayi anga paphewa kuti adzuke. Anthu anawatsatira mmodzimmodzi. Podutsa pafupi ndi malume aliyense ankayang'ana kumbali. Sanawapatse moni, chifukwa munthu amene sanafike sapatsidwa moni.

A Jelasi ananditenga ine ndekha kubwerera m'mitengo muja. Anandiuza kuti ndigwade, ndivundikire kapu pamalo pake, ndi kusalaza ndi manja dothi limene ndinafumbula ndi zidendene. Poyamba kapuyo inagubuduka, ndinachita kuikanso. Iwo anawomba m'manja mofatsa n'kulankhula ndi agogo ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala pakhonde. Anati pepani, ndi mdzukulu wanu wa kunyanja uyu, sanadziwe. Apo ndi pamene ndinalira. Titatuluka anathyola masamba ena, nawafikisa m'madzi otsala m'chigubu muja, n'kutisambitsa m'manja, kumaso ndi kumapazi, ine ndi Chanda. Chanda anavula kamera n'kuiika pansi pa mpando wa galimoto, ndipo anafunyulula nsalu imene inagulidwira mayi aakulu n'kuimanga pamwamba pa thalauzi.

Galimoto tinaisiya pomwepo. A Jelasi anatilozera kanjira kozungulira phiri, ndipo tinayenda wapansi, malume patsogolo, ife pambuyo. Unali mtunda ndithu. Titafika panjira ya kumpoto ija, madenga a m'mudzi akuonekera, malume anaima. Ndinaona msana wa malaya awo utanyowa ndi thukuta. Anaima nthawi yaitali moti ndinayamba kuopa kuti abwerera. Kenako anavula magalasi n'kuwaika m'thumba, anaika manja kumutu, n'kuyamba kuyenda.

"Amayi ine! Amayi! Ndabwera, amayi!"

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu wamwamuna akulira choncho. Mawu ake ankasweka ngati a mnyamata. Ankalira akuyenda, akupunthwa, ndipo m'mudzimo munali chete. Tinadutsa nkhokwe yoyamba, kuli chete. Tinadutsa khola la mbuzi, kuli chete. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mayi aakulu aganizanso, mwina zija anangonena pofuna kubalalitsa anthu. Kenako kuchokera kunyumba ya pakati kunamveka mawu amodzi a munthu wamkazi, okwera, akuitana dzina la malume la paubwana limene ine ndinali ndisanalimvepo. Mayi aakulu anatuluka akulira, manja ali kumsana, ndipo amayi ena onse anatsatira. Anakumana pabwalo n'kugwa pansi onse awiri.

M'mawa mwake a Jelasi ndi anzawo anatsogolera malume kumanda, kudzera njira yake, ndipo anawalozera kamulu kaja ngati akuwaonetsa koyamba. Ine ndinatsala kumudzi pamodzi ndi ana anzanga, mmene zimayenera kukhalira. Ndinabisala kuseri kwa nkhokwe tsiku lonse, chifukwa ana a m'mudzimo anali atandipatsa kale dzina loti Adona a Tiyi, ndipo ena mwa iwo amanditchulabe choncho tikakumana pamaliro. Mbuzi yopepesera adzukulu inaperekedwa mwakachetechete. Filimu ya m'kamera ija malume anaitulutsa n'kuipereka kwa mayi aakulu, ndipo sindinamvepo kuti inatsukidwa.

Koma pasakhale woganiza kuti mayi aakulu anali munthu wofewa, kapena kuti anaiwala. Tsiku lachitatu anaitanira malume m'nyumba, natseka chitseko, n'kuthamangitsa ana tonse. Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe kuja, ndipo ndinkamva mawu awo akukwera ndi kutsika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu. Zonse zimene anasunga anazikhuthula, palibe chimene anasiya. Mawu a malume sindinawamve n'kamodzi komwe. Atatuluka, maso a onse awiri anali ofiira, ndipo mayi aakulu anatuma mwana kuti akagwire nkhuku.

Amayi sanandimenye, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo mpaka tsiku limene anatisiya. Malume ndi amene anailankhula kamodzi, pobwerera kunyanja, galimoto ikutsetsereka mapiri aja osaima pena paliponse. Ndinali nditakhala kumbuyo, mutu uli pansi. Anandiyang'ana pagalasi n'kunena kuti ndisadzisenzetse katundu yense, chifukwa akanakhala kuti anafika m'mawa monga anauzidwira, ine sindikanapeza nthawi yosochera. Nthawi imeneyo ndinayesa akungondipepesa. Panapita zaka kuti ndimvetse kuti bambo uja sankafuna zithunzi. Ankaopa kufika, ndipo nthawi iliyonse ndikafuula kuti apo, ndinkamupatsa pobisala.

Lero ndafika pafupi ndi msinkhu umene mayi aakulu anali nawo tsiku lija, ndipo chimene ndimachiganizira kwambiri si kupusa kwanga. Mwana aliyense amapusa. Ndimaganizira mayi uja ataima m'munda wa chimanga, chifukwa chili m'manja, mudzi wonse uli kumbali yake. Anaona zonse, ndipo zinamupweteka kuposa aliyense amene analipo. Koma anadziwa kuti mawu onenedwa pagulu sabwezeka, ndipo munthu amene wamuvula pamaso pa anthu, ngakhale udzamukhululukire mawa, sapezanso nkhope yolowera nayo pakhomo pako. Choncho anayamba wamutsegulira njira, mlandu n'kuusungira m'nyumba.

Ine phunziro limeneli ndinalilandira ndili wamng'ono, ndipo ndinalilipira ndi manyazi aakulu, koma sindinganame kuti ndalitsata. Anthu andilakwirapo, abale enieni, ndipo ena abwerapo pakhomo panga akukoka miyendo, akusowa poyambira. Kangapo konse ndawalandirira pachipata ndi mawu onse, aneba akumva, chifukwa ndinali wolungama ndipo ndinkafuna kuti zidziwike. Mmodzi mwa iwo anatembenuka pomwepo, ndipo mpaka lero sanabwerenso.